Makiyi a pa Msomali

"Galimoto siima yokha, alamu. Galimoto si bulu ayi."

Anatero a Sipanala uku akupukuta manja pa chisanza chakuda bii ndi oilo. Madalaivala awiri amene ankadikira kuti awamatire matayala anaseka mpaka kugwira nthiti. Naphuma sanaseke nawo. Anaima pakhomo pa galaja, chikwama cha mabuku chikadali kumsana, akuyang'ana bambo ake amene anakhala pa chitayala chakutha atazolika ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

"Ndikunenatu zoona," anatero bambo akewo motsitsa mawu. "Phazi langa linali pa moto. Buleki sindinaiganizireko n'komwe. Inangolira kuti pi-pi-pi, kenako n'kuima yokha."

"Ndiye kuti munagula ya mizimu," anatero mmodzi wa madalaivala aja, ndipo phwete linayambiranso.

Nkhani yake inali yotere. Bambo a Naphuma ankayendetsa takisi. Galimotoyo anaigula yogwirapo kale ntchito, yochokera kunja, miyezi iwiri yokha yapitayo. Lolemba masana, pa msewu waukulu wodutsa kumsika, anakanganapo pang'ono ndi dalaivala wa galimoto yonyamula buledi amene ankawaimbira hutala kumbuyo ngati wapsa nyumba. Iwo anatulutsa dzanja pawindo kumuuza kuti adekhe. Patangopita kanthawi, takisi ija inaima mwadzidzidzi pakati pa msewu, ndipo ya buledi inadzaiwomba kumbuyo. Dalaivala wa bulediyo anathyoka mwendo, ndipo tsopano anali gone kuchipatala. Anthu a m'mbali mwa msewu anaona dzanja lija, anaonanso kuima kuja, n'kuphatikiza ziwirizo okha. Anauza apolisi kuti a takisi anaponda buleki dala kuti am'khaulitse mnzawo.

Laisensi inalandidwa tsiku lomwelo. Mlandu unali woyendetsa galimoto moika moyo wa ena pachiswe, ndipo wapolisi wina sanabise mawu: khoti likakhulupirira mboni, laisensiyo sidzabwereranso, mwinanso ndende ilipo.

Poti bwalo la kupolisi linali litadzaza ndi zibenthu za galimoto zina, takisiyo anaikokera ku galaja ya a Sipanala, mchimwene wa amayi ake a Naphuma, chifukwa inali pafupi komanso inali ndi mpanda ndi geti. Anaikhoma, n'kutenga makiyi, n'kumata pepala pa galasi lakutsogolo: OSATSEGULA. OSAYATSA. OSACHOTSA BATIRE. Anati kudzabwera a Sajeni, mayi wodziwa kufufuza za ngozi, amene anali kutali pa ntchito ina. Adzafika Lachisanu.

Lachisanu! Ili linali Lachiwiri. Kwa Naphuma, masiku atatu anali ngati chaka.

Dzina limeneli anam'patsa ndi amalume akewo, poti anabadwa miyezi isanakwane, ndipo chibadwire sanaphunzirebe kudikira. Tiyi ankamuwotcha lilime m'mawa uliwonse. Pa mayeso ankayankha funso asanafike kumapeto kwake, kenako n'kumakwiyira aphunzitsi kuti anafunsa mokhota. Koma mtsikanayo sanali wopusa ayi. Foni ya aliyense pakhomopo ikavuta, ankaitana iye. Ndiye amenenso anawamangirira bambo ake kakamera kakang'ono pa galasi la takisi ija, kojambula msewu.

"Amalume," anatero akutula chikwama pansi, "bwanji osangoona pa kakamera kaja? Zonsetu zili momwemo."

"Ukuliona pepalalo?" anayankha a Sipanala. "Ine likundiyabwa kuposa iwe. Akanandisiyira makiyi, bwenzi nditalumikiza kamakina kanga, ndazimitsa timagetsi tonse tikuyaka m'menemo, ndawongola bampala, galimoto ili pamsewu. Zaka makumi atatu ndikukonza galimoto, lero andiuze kuti ndisakhudze galimoto m'galaja mwanga momwe! Koma boma ndi boma."

"Tidikire Lachisanu, mwanangu," anatero bambo ake. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Naphuma anangotsonya chamumtima. Nkhono ilibe mlandu kukhoti.

Lachitatu kusukulu kunali kowawa. Nkhani inali itafika kale, ndipo inali itamera miyendo. Atangolowa m'kalasi, wina kumbuyo analira kuti "pi-pi-pi!", ndipo mzere wonse unagwedezera mitu kutsogolo ngati anthu a m'galimoto yoima mwadzidzidzi. Pa nthawi yopuma, mtsikana amene ankakhala naye desiki imodzi anam'funsa mwachifundo chonyoza ngati bambo ake amapsa mtima choncho ndi kunyumba komwe. Bambo ake! Munthu amene akapeza nyerere mu shuga amazitulutsa ndi kapepala m'malo mozipha. Naphuma anapsa mtima koopsa. Masamu a tsikulo sanamvepo kanthu.

Atafika kunyumba anapeza kuli zii. Amayi ake anali kuseri akuchapa, bambo ake anali atapita kuchipatala kukazonda dalaivala wa buledi uja, ngakhale abale a dalaivalayo anawabweza pakhomo dzulo lake. Naphuma anatseka chitseko cha pabalaza, ndipo maso ake anagwera pa msomali wa kuseri kwa chitsekocho. Pamenepo panapachikidwa makiyi apadera a takisi, ndi kachingwe kake kofiira. Apolisi sanafunse za makiyi achiwiri, ndipo palibe amene anawakumbukira.

Anaima kaye, inde anaima, koma kuima kwa Naphuma n'kuphethira kamodzi.

"Sindiliza injini ayi," anadziuza yekha akuthamanga mumsewu, makiyi atawafumbata. "Ndingoyatsa magetsi, ndione, ndizimitse. Chingaonongeke n'chiyani pamenepo?"

Mwayi, kapena tinene tsoka, a Sipanala anali atatuluka kukayesa lole ya munthu. Geti linali longotsekedwa ndi waya. Takisi inali pakona, mphuno italoza kukhoma, kumbuyo kuli phwanyu. Pepala lija linamuyang'ana, iye n'kuyang'ana kumbali. Anatsegula, n'kukhala pa mpando wa bambo ake. Munkanunkhirabe sopo wawo. Anadina batani loyatsira osaponda kalikonse, ndipo timagetsi tambirimbiri tinayaka kutsogolo kwake, tofiira ndi tachikasu. Kakamera kaja nako kanadzuka, kakadontho kofiira kakuphethira pakona.

Anatsegula mndandanda wa zojambulidwa. Zinali tizidutswa ta mphindi zitatuzitatu. Toyamba kumwamba tinkangoonetsa msewu utaima, anthu ataunjikana, wina akuloza, wina akujambula pa foni. Zinali choncho chifukwa ngozi itachitika bambo ake anathamangira kukathandiza wovulala uja, n'kuiwala kuzimitsa galimoto kwa pafupifupi ola lathunthu. Naphuma anatsika, n'kutsika, n'kutsikabe. Pansi penipeni pa mndandanda, kachiwiri kuchokera kumapeto, anakapeza.

Msewu ukuyenda bwinobwino. Hutala akumveka kumbuyo. Mawu a bambo ake akuti, "Dekhani, akulu, tonse tifika." Kenako akuyamba kung'ung'udza kanyimbo kawo ka masiku onse. Kumanzere kukuoneka munthu akukankha ngolo yodzaza malata. Mphepo ikukankha lata limodzi, likutembenuka, likutulukira mumsewu n'kung'anima, kenako mwini wake akulikokera msanga. Pi-pi-pi! Chithunzi chikugwedezeka. Ndipo mawu a bambo ake, omveka bwino ngati ali pompo: "Iwe! Watani galimoto iwe?" Kenako phokoso.

Naphuma anakuwa yekha m'galimotomo. "Ndinanena ine! Ndinanena!"

Anatuluka ngati waponyedwa. Chitseko anachisiya chotsegula, magetsi ali chiyakire, kakadontho kofiira kakuphethirabe. Anathamanga mpaka kunyumba, n'kuwapeza amayi ake manja ali thovu lokhalokha.

"Amayi, tiyeni! Adadi alibe mlandu, ndaona ndi maso angawa! Tiyeni msanga!"

Amayiwo sanamve bwino, koma nkhope ya mwana wawo inawadzutsa. Anatsukuluza m'manja, anasintha nsalu yonyowa, anafunafuna nsapato imodzi imene inalowa pansi pa mpando, anakhoma nyumba. Naphuma ankangopondaponda pakhomo. Pamene ankafika ku galaja n'kuti patatha mwina mphindi makumi awiri.

"Khalani apa. Onani."

Anatsegula mndandanda uja. Kumwamba kunali tizidutswa tatsopano. Khoma la galaja. Khoma la galaja. Khoma la galaja, ndi buluzi akudutsa. Anatsika msangamsanga mpaka pansi. Kadutswa komaliza kanali ka anthu ataunjikana pamsewu. Anakwera, n'kutsikanso. Anazimitsa kakamerako, n'kukayatsanso. Ngolo ya malata kunalibe. Mawu a bambo ake kunalibe.

Apa m'pamene anakumbukira zimene iye mwini anawafotokozera bambo ake tsiku lomangirira kakamerako, akudzitama kuti amadziwa: kakhadi kake n'kakang'ono, kakadzaza kamafufuta zakale n'kulembapo zatsopano.



"Chili kuti chimene umati ndione?" anafunsa amayi ake.

"Chinali pompa, Amayi. Ndikulumbira, chinali pompa."

"Unachijambula pa foni yako?"

Naphuma anagwira thumba la siketi yake. Foni inali momwemo nthawi yonseyi.  Amayi ake anangomuyang'ana, kenako anayang'ana pepala lomatidwa pa galasi lija, n'kugwira pakamwa.

"Mwana iwe. Mwana iwe, watipha."

Anazimitsa, anakhoma, n'kubwerera kunyumba. Pakhomo amayi ake anam'gwira mkono mwamphamvu. "Bweza makiyiwo pamene unawatenga. Bambo ako asamve, ali ndi zokwanira kale m'mutu. Madzi akatayika sawoleka."

Naphuma anapachika makiyi aja misozi ili m'maso, n'kuthamangira kuchipinda.

Lachinayi linakwawa ngati kamba. Chakudya sichinkatsika. Kusukulu analiranso kuti pi-pi-pi, koma ulendo uno analibe mphamvu zokwiya. Chinkamupweteka kwambiri n'chakuti iye yekha pa dziko lonse ndi amene anaona choonadi, ndipo ndi iye yemweyo amene anachifufuta. Akanena kukhoti kuti anaona lata, ndani angakhulupirire mwana woikira kumbuyo bambo ake? Madzulo bambo ake atabwera anaima kanthawi kuseri kwa chitseko akuvula jekete. Anakhalitsa pamenepo kuposa masiku onse. Kenako anakhala pansi n'kufunsa ngati homuweki yatha, basi.

Lachisanu kunalibe maphunziro masana, choncho Naphuma anapita nawo ku galaja. A Sajeni anafika pa nthawi yake. Anali mayi wamfupi, wa magalasi ochindikala, atanyamula chikwama chakuda cholimba. Sanathamangire kutsegula galimoto. Anayamba waizungulira katatu, manja ali kumbuyo, ngati munthu wofuna kugula mbuzi. Anajambula mbali zonse. Anawerenga nambala yaitali ya pansi pa galasi, n'kuilemba, n'kuiwerenganso.

"Mayi, ndikuthandizeni," anatero a Sipanala atatopa n'kuonerera. "Mtundu uwu ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Ndakonzapo zoposa makumi awiri. Ilibe zamatsenga zilizonse."

"Mwina zimene munakonzazo zinalibe," anayankha a Sajeni osakweza mawu. "Galimoto ziwiri zikhoza kufanana nkhope ngati mapasa, m'kati zili zosiyana. Tabwerani kuno, bambo. Gwirani chizindikiro cha kutsogoloku."

A Sipanala anagwira monyinyirika.

"Chili bwanji?"

"Chosalala. Ngati galasi."

"Pa zina zija chimakhala cha mabampu, si choncho? Ichi n'chosalala chifukwa kuseri kwake kuli kachipangizo koyeza kutalika kwa chinthu chimene chili kutsogolo. Tsopano suzumirani pamwamba pa galasi, kuseri kwa kalilole. Osati kakamera kogula kumsikako ayi, kabokosi kakudako. Mukuona diso?"

"Ndikuliona," anatero a Sipanala, mawu atachepa.

"Ziwirizi zimagwira ntchito limodzi. Zikaganiza kuti galimoto ikukagunda chinthu, zimalira kuchenjeza dalaivala. Akachedwa, zimamanga mabuleki zokha. Zapulumutsa anthu ambiri, koma nthawi zina zimanamizidwa ndi chitsulo chongodutsa." Anatembenukira kwa bambo a Naphuma. "Munkadziwa kuti galimoto yanu ili ndi zimenezi?"

"Ayi, mayi. Buku lake linabwera m'chilankhulo cha eni ake. Zilembo zake ngati mapazi a nkhuku."

"Si inu nokha. Koma kukhala nazo si umboni woti zinagwira ntchito tsiku limenelo. Tiyeni tiifunse yokha."

A Sipanala anakanda m'mutu n'kuyang'ana kumbali. Za bulu sanazitchulenso.

A Sajeni anatulutsa makiyi mu envulopu yomata, n'kulemba nthawi. Anafotokoza kuti pansi, pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, pali kabokosi kachitsulo kamene kamasunga zimene zinachitika m'masekondi ochepa ngozi isanachitike: liwiro, phazi linali pati, lamba anamangidwa kapena ayi. Anati n'chifukwa chake analetsa kuyatsa kapena kuchotsa batire, poti zina mwa zosungidwazo sizichedwa kufufutika, ndipo makaniko wofuna kuthandiza akhoza kuzipukuta zonse ndi kamakina kake pozimitsa timagetsi. A Sipanala anatsokomola.

Poyamba anatulutsa kakhadi ka m'kakamera kaja, galimoto isanayatsidwe, n'kukaika mu kompyuta yawo ya m'chikwama chija. Naphuma anaona nkhope ya mayiyo ikusintha pang'onopang'ono.  A Sajeni analumikiza chingwe pansi pa chiwongolero, anayatsa, n'kudikira. Manambala anadzaza pa kompyuta. Anawerenga, anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwerenganso.

"Galimoto iyi imawerenga nthawi iliyonse imene yayatsidwa," anatero. "Kuchokera pa ngozi kufika pano, imayenera kuonjezera kamodzi kokha, kanga ka leroka. Yaonjezera kawiri. Ndipo pa kakhadika pali khoma ili, lojambulidwa Lachitatu masana, pamalo pamene pakanakhala ngozi. Wina analowa muno. Ndani?"

 Kunja wina ankamenya chitsulo, ndipo kulira kwake kunkamveka ngati kukuchokera m'mutu mwa Naphuma. Lilime lake, lija losadikira funso kuti lithe, linauma gwa. Amayi ake anayang'ana pansi. A Sipanala anatambasula manja. "Ine ayi, mayi. Makiyi ndinalibe."

"Ndine."

Anali bambo ake. Anadzuka pa chitayala chija, chipewa chili m'manja.

"Ndili ndi makiyi ena kunyumba. Ndinabwera Lachitatu. Ndimafuna ndione."

A Sajeni anatembenukira kwa iwo. "Bambo, mukudziwa chimene mukunena? Munthu woimbidwa mlandu akalowa m'galimoto yotsekedwa ndi apolisi, zithunzi za ngozi n'kusowa, khoti limati wawononga umboni dala. Umenewo ndi mlandu wina pawokha, woposa woyambawu. Ndipo chilichonse chabwino chimene ndingapeze m'kabokosi aka, adzati munachikonza. Ndilembe kuti ndinu?"

"Lembani."

Cholembera chinatsika pa pepala.

"Ayi! Musalembe!" Mawu anatuluka okha, osweka. "Akunama. Adadi akunama. Lachitatu anali kuchipatala, kafunseni. Ndine ndinatenga makiyi. Ndine ndinayatsa, n'kusiya osazimitsa."

"Khala chete, iwe," anatero bambo ake.

"Sindikhala chete, Adadi. Simunanamepo chiyambire nkhaniyi, anthu onse akukusekani. Ndiye muyambe lero chifukwa cha ine?"

Misozi inali ikutsika, mamina omwe, koma sanasamale. Anafotokoza zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anayambira pachiyambi n'kutsata mzere: msomali, waya wa pa geti, batani, mndandanda, ngolo ya malata, kanyimbo, mawu aja akuti "Watani galimoto iwe?", kuthamanga, nsapato ya amayi, khoma ndi buluzi. A Sajeni ankalemba osam'dula.

Atamaliza, Naphuma anatembenukira kwa bambo ake. "Munadziwa bwanji?"

"Makiyi amakhala pa msomali wam'munsi," anayankha iwo. "Dzulo ndinawapeza pa wam'mwamba, wa kalendala. Pakhomo pathu ndani amapachika chinthu osayang'ana?"



A Sajeni anatembenuza kompyuta kuti onse aone. Analoza mizere ndi cholembera. "Masekondi asanu ngozi isanachitike, liwiro lili bwinobwino, phazi lili pa moto. Apa, sekondi imodzi ndi theka, liwiro likugwa ngati mwala. Koma taonani mzere uwu wa chopondera buleki. Sichinapondedwe, mpaka kumapeto. Amene anamanga mabuleki ndi galimoto. Bambo awa ananena zoona."

Amayi a Naphuma anakhala pansi pomwepo, pa simenti ya oilo, n'kuphimba nkhope ndi nsalu.

"Ndiye laisensi abweza lero?" anafunsa Naphuma.

"Ukanaisiya galimotoyi, mwina bwenzi nditalemba lero kuti mlandu uthe, Lolemba bambo ako ali pamsewu," anatero a Sajeni. Sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunapweteka. "Kabokosi kakutiuza kuti galimoto inadziimitsa. Chimene inaona, kakanatiuza ndi kakamera, ndipo kakamerako tsopano kakudziwa khoma lokha. Komanso poti galimoto inatsegulidwa, sindingasaine ndekha. Kabokosika ndikachotsa, kapite kulikulu akatsimikize kuti palibe anakaseweretsa. Ndiyeneranso kukasaka munthu wa ngolo ya malata, m'tauni yodzaza ngolo. Masabata asanu ndi umodzi, mwina asanu ndi atatu. Kufikira tsikulo, laisensi ikhala kwa ife."

Masabata asanu ndi atatu bambo ake ali pakhomo, akuyenda wapansi, anthu akuwalozabe zala. Iye amene analephera kudikira masiku atatu! Naphuma anafuna nthaka ing'ambike. Anayembekezera kuti amalume ake anena za kumeza kutafuna kukadakoma, kapena kuti amayi ake ayamba kulalata.  M'malo mwake, bambo ake anangovala chipewa chawo, n'kum'patsa kampango kawo ka m'thumba.

"Pukuta kumaso. Ukuoneka ngati galimoto yangayi kumbuyo."

A Sajeni anagwira ntchito yawo mosafulumira. Anamasula kabokosi kaja, anakaika m'thumba la pulasitiki, anamata, n'kulemba tsiku ndi nthawi pa chomatiracho. Kakhadi nako anakaika m'thumba lakelake. Anaitanitsa makiyi a chingwe chofiira aja, ndipo amayi a Naphuma anapita kukawatenga. Pomaliza anatulutsa mapepala atatu olembedwa mbali zonse, mawu a Naphuma aja, n'kuwaika pa boneti pamodzi ndi cholembera.

"Saina pansi apa. Mayi ako asainanso, poti ndiwe mwana."

Naphuma anatenga cholembera. Nsonga yake inafika pa mzere, n'kuima. Anachiika pansi. Anatenga pepala loyamba, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pa mzere woyamba, chala chikutsata liwu lililonse. Dzuwa linali likuwotcha malata a galaja. Lole ina inaima pa geti n'kuimba hutala. A Sipanala anayang'ana wotchi yawo, n'kuyang'ananso.

"Iwe Naphuma, tangosaina. Makasitomala akudikira."

Mtsikanayo sanadzutse mutu. Pa pepala lachiwiri anaima, n'kuloza. "Apa mwalemba kuti lata linagwa pansi. Silinagwe. Linangotulukira mumsewu, mwini wake n'kulibweza."

A Sajeni anasuzumira, anakhwatcha liwulo, analemba lolondola, n'kusainira pambali pake. Hutala analiranso pa geti, motalika.

"Alamu, tamuuzani mwana wanuyu," anadandaula a Sipanala.

Bambo a Naphuma anabwerera pa chitayala chawo chija, n'kukhala bwinobwino, miyendo atatambasula.

"Musiyeni awerenge," anatero. "Latsala pepala limodzi."